Z. K. MATTHEWS, MPHUNZITSI AMENE ANAITANIRA ANTHU ONSE KU BWALO

Pa mudzi pakagwa nkhani yaikuru, monga ya kugawa minda kapena ya kusamutsa mudzi, mfumu yanzeru siipangana m'nyumba ndi nduna ziwiri zokha. Imatuma mnyamata kuti amemeze anthu, ndipo onse amasonkhana pa bwalo, amuna ndi akazi omwe. Cimene apangana pamenepo cimakhazikika, cifukwa ali yense anamva ndi makutu ace, ndipo ali yense anapatsidwa danga la kunena. Dziko nalonso liri ndi cipangano cace cacikuru, ndico malamulo akuru a dziko. Malamulo amenewa ndiwo amanena za amene ayenera kusankha olamulira, za polekezera mphamvu ya Boma, ndi za ufulu umene munthu wamba sangalandidwe. Mbiri iyi ndi ya munthu wa ku South Africa amene analimbana ndi funso limodzi moyo wace wonse: kodi malamulo otere ayenera kulembedwa ndi yani?

Ubwana wace ku Kimberley

Zachariah Keodirelang Matthews anabadwa pa 20 October 1901 pa Winter's Rush, pafupi ndi Kimberley, mudzi wa migodi ya daimoni. Atate wace, Peter Motsielwa Matthews, anali Mtswana wa pfuko la Bamangwato. Anayamba agwira nchito ya m'migodi, ndipo pambuyo pace anatsegula kanyumba kogulitsiramo cakudya. Amai wace anali Martha Mooketsi. Banjali linali la Akristu, losauka koma lokonda sukulu.

Masiku amenewo m'dziko la Cape mwamuna wa khungu liri lonse anali kuloledwa kuponya voti, ngati anali ndi nyumba kapena malo a mtengo wa £75, kapena malipiro a £50 pa caka, ndiponso ngati anadziwa kulemba dzina lace. Anthu akuda okwanitsa zimenezi anali owerengeka, koma atate wa Zachariah anali mmodzi wa iwo. Motero mwanayu anakula alikuona kuti munthu wakuda angathe kukhala ndi liu posankha opanga malamulo. Mbale wao wina, Sol Plaatje, mlembi wochuka wa nyuzipepala, anali kukhala m'Kimberley momwemo.

Zachariah ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, m'caka ca 1908, akuru a maiko anai, Cape, Natal, Transvaal ndi Orange River Colony, anasonkhana ku Durban kuti apangane za kulumikiza maikowo akhale dziko limodzi. Nthumwi zonse zinali Azungu, ndipo zinakambirana zitseko ziri cotseka. Zinalemba kuti m'Nyumba ya Malamulo mudzakhala Azungu okha. Voti ya akuda a ku Cape zinaisiya, koma zinaika khomo lakuti aphungu awiri mwa atatu ali onse akabvomerezana, voti imeneyo ingathe kucotsedwa. Atsogoleri a anthu akuda anasonkhana ku Bloemfontein mu March 1909 nadandaula, ndipo ena anaoloka nyanja kunka ku London kukapempha kuti malamulowo akonzedwe. Anabwerako manja ali m'khosi. Pa 31 May 1910 dziko latsopano la Union of South Africa linayamba, eni dziko ocuruka osafunsidwa kanthu. Mu January 1912 anthu akuda anayamba bungwe lao, limene pambuyo pace linachedwa African National Congress, ndipo Plaatje ndiye anali mlembi wace woyamba. Caka cotsatira lamulo la minda linawasiyira magawo ngati 7 okha mwa magawo 100 a dziko la makolo ao.

Maphunziro ndi uphunzitsi

M'caka ca 1916 mnyamatayu anapita ku Lovedale, sukulu ya mishoni ya Askoti, ndipo mu 1918 analowa koleji yatsopano ya Fort Hare pafupi pomwepo. Mu 1923 anatsiriza maphunziro a digiri ya B.A., woyamba wa anthu akuda kuipata osaturuka m'dziko la South Africa. Mu 1925 amishoni a ku America anamuika akhale mkuru wa sukulu yapamwamba pa Adams College ku Natal, udindo umene munthu wakuda anali asanaugwirepo. Pamenepo anapeza mphunzitsi mnzace, Albert Luthuli, ndipo awiriwa anagwira nchito pamodzi m'bungwe la aphunzitsi akuda a ku Natal. Ubwenzi wao unakhala kufikira imfa.

Mu 1928 anakwatira Frieda Bokwe, mwana wa Mbusa John Knox Bokwe, wopeka nyimbo za m'chalichi wa ku Lovedale, ndipo Mulungu anawapatsa ana asanu. Usana anali kuphunzitsa, usiku nawerenga mabuku a malamulo, kotero kuti mu 1930 anapata digiri ya malamulo. Mu 1933 anapita ku Yale m'dziko la America, ndipo atacoka kumeneko anakhala caka cimodzi ku London kuphunzira za miyambo ya mitundu ya anthu. Mu 1936 anabwerera ku Fort Hare monga mphunzitsi wa miyambo ndi malamulo, ndipo D. D. T. Jabavu atapuma nchito, iye ndiye anakhala profesa m'malo mwace.

Fort Hare inali kulandira anyamata ndi atsikana ocokera kutali. Seretse Khama wa ku Bechuanaland anaphunzira pamenepo, Nelson Mandela ndi Oliver Tambo omwe, Orton Chirwa ndi Henry Chipembere a ku Nyasaland, ndi anyamata a dziko lino monga Elijah Mudenda ndi Sikota Wina. Ophunzira anali kumdziwa Matthews monga munthu wofatsa, wosakweza mau, woyamba wamvetsera mnzace kufikira atatha, ndipo pamenepo nayankha mfundo ndi mfundo.

Lamya yopanda waya

Caka comwe anabwerera ku Fort Hare, khomo lija losiyidwa mu 1909 linatseguka. Boma la General Hertzog linabwera ndi lamulo locotsa akuda a ku Cape m'buku la oponya voti. Mu December 1935 nthumwi zoposa 400 za mabungwe a aphunzitsi, a mipingo, a anchito ndi a mafumu zinasonkhana ku Bloemfontein kukana lamulolo, koma mu 1936 Nyumba ya Malamulo inalibvomereza, aphungu 169 kubvomera ndi 11 okha kukana. M'malo mwa voti ija, akuda a ku Cape anauzidwa kuti adzisankha Azungu atatu owalankhulira, ndipo Boma linaika bwalo la uphungu lochedwa Natives Representative Council. Bwalo limeneli linali ndi mphamvu ya kulangiza kokha, osati ya kupanga lamulo.

Matthews analowa Congress mu 1940, nasankhidwa kukhala m'bwalo la uphungulo mu 1942. Anadziwa kuti ndi bwalo lopanda mano, koma anaganiza kuti pali ponse pamene pali mpando woti munthu wakuda anenerepo zoona pamaso pa Boma, mpandowo usakhale wopanda munthu.

Nkhondo yaciwiri iri mkati, mu 1941, Churchill ndi Roosevelt analengeza kuti mitundu yonse iyenera kudzisankhira yokha Boma loilamulira. Dr. A. B. Xuma, mtsogoleri wa Congress, anaitana anthu ophunzira kuti afufuze tanthauzo la mau amenewo kwa anthu a mu Afrika, ndipo Matthews ndiye anakhala pa mpando wa kagulu kameneko. Pa 16 December 1943 Congress inabvomereza cikalata cao cochedwa Africans' Claims in South Africa. M'menemo anandandalika maufulu a munthu ali yense: voti ya akuru onse, kuweruzidwa mofanana pa bwalo la milandu, kugula malo, kuyenda wopanda citupa, ndi sukulu ya ana onse. General Smuts, amene anali kulamulira pa nthawiyo, anakana kukomana nao kuti akambirane.

Mu August 1946 anchito a m'migodi ya golidi ku Johannesburg, ngati 70,000, ananyanyala nchito kupempha masheleni 10 pa tsiku. M'migodi imeneyo munali amuna ambiri a ku Nyasaland, ku Mozambique ndi ku Barotseland, otengedwa ndi Wenela. Apolisi anawabwezera ku nchito ndi mfuti ndi zibonga. Ena anafa, ndipo oposa 1,000 anapwetekedwa. Bwalo la uphungu linapempha kuti likambe za mwazi umenewo, koma Boma silinasamale. Mmodzi wa aphunguwo, Paul Mosaka, anafanizira bwalolo ndi lamya yoseweretsa ana, imene munthu amalankhulamo koma kutsidya kulibe wakumva. Aphungu onse anapangana kuimitsa misonkhano yao.

Apa Matthews analowa m'mabvuto ndi ana ace omwe a sukulu. Anyamata a m'Congress anafuna kuti aphungu onse ature pansi udindo msanga, koma iye anazengereza, alikuyembekeza kuti kapena Boma lingatembenuke mtima. Anamnena kuti ndi munthu wocedwa ndi waulemu wopitirira. Mu 1948 cipani ca National Party cinatenga Boma ndi ciphunzitso cace ca apartheid, ndiko kulekanitsa anthu monga mwa khungu, ndipo ciyembekezo cija cinazima. Matthews anaturuka m'bwalolo mu 1950. Anali ataphunzira kuti bwalo lopatsidwa ndi wolamulira, wolamulira yemweyo angathe kulitsekera makutu.

Mau a ku Cradock

Mu 1949 anasankhidwa kukhala mtsogoleri wa Congress m'cigawo ca Cape. Mu June 1952 anapita ku New York kukaphunzitsa caka cimodzi pa sukulu ya abusa ya Union Theological Seminary, ndipo mwezi womwewo kwao kunayamba nchito ya kuswa dala malamulo a tsankho mwamtendere. Anthu oposa 8,000 analowa m'ndende mwa kufuna kwao. Boma linayankha ndi malamulo aukali a zikoti ndi ndende ya zaka, ndipo pamene Matthews anabwerako mu May 1953 anapeza anthu atatopa, osadziwa koyenda.

Mu August 1953 Congress ya ku Cape inasonkhana m'tauni yaing'ono ya Cradock, kwao kwa Canon James Calata, wansembe wa mpingo wa Anglican. Pamenepo Matthews anaturutsa ganizo limene anthu amamkumbukira nalo kufikira lero. Anakumbutsa anthu kuti msonkhano wa 1908 unali wa Azungu okha, ndi kuti Azungu ena anayambanso kunena za msonkhano wokonza malamulo akuru, osachula akuda. Tsono anafunsa ngati nthawi siinakwane yakuti Congress yomwe iitane msonkhano wa anthu onse a m'dzikomo, osayang'ana mtundu kapena khungu, kuti alembe cikalata conena za dziko limene iwo afuna kukhalamo m'tsogolo.

Nzeru ya ganizoli inali pakuti kufikira pamenepo anthu akuda anali kungokana zoipa zimene Boma linawacitira. Tsopano anaitanidwa kuti anene cimene afuna, ndi kucinena okha, osadikira kuti Boma liwaitane. Anthu a kuno adzamvetsa kulemera kwa mauwo, pakuti caka comweco ca 1953 ndico caka cimene Federation ya Rhodesia ndi Nyasaland inaikidwa pa mapewa a anthu akuda a maiko ano, mafumu ndi mabungwe ao atakana poyera.

Msonkhano waukuru wa Congress unabvomereza ganizolo ku Queenstown mu December 1953. Mu March 1954 atsogoleri anakomana ku Tongaat, Luthuli ali pa mpando, pamodzi ndi bungwe la Amwenye, la Makaladi, ndi la Azungu ocepa odana ndi tsankho. Poyamba Matthews anafuna kuti alembe buku la maina a akuru onse a m'dziko ndi kucita cisankho ceniceni ca nthumwi, koma nchito yotere inaposa ndalama ndi mphamvu zao. Anapangana tsono kuti gulu liri lonse la anthu, pa mudzi, pa komboni, pa fakitale kapena pa chalichi, lisankhe nthumwi yace. Anaitananso zipani za Azungu, ngakhale cipani colamula comwe, koma sizinadze.

Timapepala ta anthu wamba

Luthuli anapempha anthu 50,000 odzipereka kuti ayende m'dziko lonse. Nchito yao inali kukhala pansi ndi anthu ndi kuwafunsa kuti, iwo akadakhala opanga malamulo, akadasintha ciani. Odziperekawo sanafike pa ciwerengero cimeneco, koma amene anapezeka anayenda khomo ndi khomo, m'sitima za pamtunda, m'minda ya Azungu, ndi m'misonkhano ya amai. Mayankho anadza olembedwa pa masamba ong'ambidwa m'makope a ana a sukulu, pa zidutswa za makatoni, ndi m'mphepete mwa nyuzipepala. Wina anapempha munda, wina kuti citupa cithe, wina malipiro okwanira kudyetsa ana, wina kuti apolisi aleke kugogoda pa khomo usiku. Kagulu kocepa kanasanja zopemphazo m'mitu khumi, ndipo cikalataco cinachedwa Freedom Charter, ndiko kunena Cikalata ca Ufulu.

Pa 25 ndi 26 June 1955 nthumwi 2,884 zinasonkhana pa bwalo la pfumbi ku Kliptown, pafupi ndi Johannesburg. Ena ambiri anatsekerezedwa ndi apolisi pa njira, ndipo Luthuli analetsedwa ndi Boma kucoka kwao. Mutu uli wonse unawerengedwa m'Cingelezi, m'Cisutu ndi m'Cixhosa, anthu naubvomereza ndi mpfuu. Cikalataco cinanena kuti dzikolo ndi la onse okhalamo, akuda ndi oyera. Kuti Boma liribe ulamuliro woona ngati silicokera m'cifuniro ca anthu. Kuti mwamuna ndi mkazi ali yense akhale ndi voti. Kuti minda igawidwe kwa oilima. Kuti cuma ca m'migodi cipindulitse mtundu wonse. Ndi kuti munthu asamangidwe wosaweruzidwa. Tsiku laciwiri madzulo apolisi a mfuti anazinga bwalolo, nalemba dzina la munthu ali yense, nalanda mapepala onse. Anatenga ngakhale zikwangwani za ku khichini zosonyeza pamene panali msuzi wa nyama ndi pamene panali wopanda nyama, ndipo izi zomwe zinaonetsedwa pambuyo pace pa bwalo la milandu.

Si onse anakondwa naco cikalataco. Cipani ca Liberal cinadzipatula poopa kuti a Komyunizimu ndiwo anali kuyendetsa nchitoyo. Ena a m'Congress anakana mau akuti dziko ndi la oyera omwe, ndipo mu 1959 anayamba bungwe lao la Pan Africanist Congress, wotsogolera Robert Sobukwe, amenenso anaphunzira pa Fort Hare. Ena anadandaula kuti nthambi za Congress sizinaone mauwo tsiku la msonkhano lisanafike. Komabe m'dzikomo munali musanacitikepo cinthu cotere, cakuti mlimi ndi wochapa zobvala afunsidwe za malamulo akuru a dziko lao.

Mtengo umene analipira

Walira mvula walira matope. M'bandakuca wa pa 5 December 1956 apolisi anayamba kugwira atsogoleri m'dziko lonse, ndipo onse pamodzi anakwana 156: akuda 105, Azungu 23, Amwenye 21 ndi Makaladi 7. Matthews, amene pa nthawiyo anali kugwirizira udindo wa mkuru wa Fort Hare, anatengedwa, ndi mwana wace Joe yemwe. Mlandu wao unali wa kuukira Boma, mlandu umene cilango cace cikadatha kukhala imfa. Boma linati Cikalata ca Ufulu cinali ciwembu ca kugwetsa ulamuliro ndi nkhondo. M'ndende ya ku Johannesburg mphunzitsiyu sanaleke nchito yace, pakuti anali kusonkhanitsa andende anzace ndi kuwaphunzitsa mbiri ya Congress. Bishopu Ambrose Reeves wa ku Johannesburg ndi Canon John Collins wa ku London anasonkhetsa ndalama zolipira maloya ndi zodyetsa mabanja a omangidwawo.

Mlanduwo unakoka zaka zoposa zinai. Matthews anamasuka mu 1959, koma mu 1960 anabweranso pa bwalo monga mboni ya anzace otsala, nafotokoza mofatsa kuti Congress inafuna kusintha dziko popanda kukhetsa mwazi. Pa 29 March 1961 oweruza atatu anagamula kuti Boma lalephera kutsimikiza mlandu, ndipo onse otsala anamasulidwa.

Ciyeso coposa cinamdzera ku nchito. Mu 1959 Boma linapanga lamulo lolanda Fort Hare, kuti ikhale koleji ya Axhosa okha pansi pa nduna ya maphunziro a akuda. Matthews anauzidwa kuti angathe kukhalabe pa nchito akaturuka m'Congress. Anali ndi zaka 58, ndipo zinamtsalira zaka ziwiri zokha kuti apume ndi kulandira penshoni ya zaka zonse zimene anaphunzitsa. Munthu wa msinkhu wotere, wokhala ndi banja, adziwa yekha kulemera kwa cinthu cimeneci. Iye anatura pansi udindo, nataya penshoniyo, natsegula kaofesi ka uloya m'tauni ya Alice. Sipanapite miyezi yambiri, pa 21 March 1960, apolisi anapha anthu 69 ku Sharpeville. Congress inaletsedwa, ndipo Matthews anatsekeredwa m'ndende miyezi yoposa inai wopanda mlandu.

Ataturuka, iye ndi Luthuli anali mwa akuru amene anaitana atsogoleri a anthu akuda ku Orlando mu December 1960. Azungu okha anali atangoponya voti yakuti dzikolo likhale Republic, ndipo malamulo akuru anali kulembedwanso kaciwiri popanda eni dziko ocuruka. Kucokera m'kukomana kumeneko munaturuka msonkhano wa ku Pietermaritzburg wa March 1961, umene unapemphanso cinthu comwe cija ca ku Cradock, msonkhano wa mitundu yonse wolemba malamulo atsopano. Boma silinayankhe.

Nchito yace mu Mpingo

Matthews anali Mkristu wa mpingo wa Anglican, ndipo anakhulupira kuti Mpingo sungakhale cete pamene anthu olengedwa m'cifanizo ca Mulungu alandidwa liu m'dziko lao. Mu December 1960 bungwe la World Council of Churches linasonkhanitsa nthumwi 80 za mipingo isanu ndi itatu ku Cottesloe m'Johannesburg, ndipo iye anali mmodzi wa iwo. Atakambirana sabata lathunthu, ocuruka anabvomerezana kuti wokhulupira Kristu asatsekeredwe kunja kwa chalichi ciri conse cifukwa ca khungu, ndi kuti kukhala ndi gawo m'kayendetsedwe ka dziko ndi mbali ya ulemu wa munthu wamkuru. Nthumwi za Dutch Reformed Church za ku Cape ndi ku Transvaal zinabvomera nao, koma Dr. Verwoerd anakalipa, ndipo mu 1961 masinodi ao anakana mauwo naturuka m'bungwelo. Mbusa Beyers Naudé anakana kubweza mau ace, ndipo pambuyo pace anataya ubusa wace.

Mu 1962 Matthews anasamukira ku Geneva kukagwira nchito ya bungwe lomwelo monga mlembi woyang'anira za Afrika. Anayenda maiko ambiri kuona za anthu othawa kwao cifukwa ca nkhondo, ndi kudzutsa mipingo kuti iwathandize. Mu May 1964, miyezi isanu dziko lino lisanalandire ufulu wace, anafika ku Mindolo m'Kitwe pa msonkhano wa mipingo wokamba za tsankho. Pamenepo anafotokoza mwa dongosolo njira zonse zamtendere zimene anthu a kwao anayesa kuyambira 1912, makalata opempha, nthumwi, mabwalo a uphungu, ndi kulowa m'ndende mwaufulu, ndi momwe khomo liri lonse linatsekedwera, kufikira ana ao anayamba kuganiza za zida. Iye mwini sanagwirepo cida, koma anacenjeza Akristu kuti asafulumire kutsutsa munthu amene iwo sanamthandize pamene anali kugogoda mwaulemu.

Dziko la Botswana litalandira ufulu pa 30 September 1966, Seretse Khama anapempha mphunzitsi wa pa koleji yace yakale kuti akhale kazembe wa dziko la makolo acewo ku America ndi ku United Nations. Anagwira nchitoyo kufikira anamwalira ku Washington pa 11 May 1968, ali ndi zaka 66. Mtembo wace unaikidwa ku Gaborone. Anafa tsankho likali ndi mphamvu zace zonse, Luthuli atamwalira caka capita, Mandela ali m'ndende ya pa Robben Island, ndipo Cikalata ca Ufulu cikali cobisidwa m'madenga ndi pansi pa mphasa.

Mbeu imene inamera mwini atapita

Atsogoleri a Congress othawa kwao anakhala zaka zambiri mu Lusaka, ndipo mu 1988 anaturutsa mfundo zotsogolera malamulo akuru a m'tsogolo, zomangidwa pa cikalata ca ku Kliptown. Mu 1990 ciletso cinacotsedwa, ndipo pa 27 April 1994 anthu a mitundu yonse anaponya voti pamodzi nthawi yoyamba. Mwa osankhidwa kulowa m'Nyumba ya Malamulo munali Joe Matthews, uja anamangidwa pamodzi ndi atate wace, ndi mwana wa Joe, Naledi Pandor.

Aphungu 490 anapatsidwa nchito ya kulemba malamulo akuru atsopano, Cyril Ramaphosa ali pa mpando. Nthawi iyi zitseko zinali zotsegula. Anamemeza pa wailesi ndi m'nyuzipepala, nayenda m'midzi kucititsa misonkhano, ndipo analandira makalata ndi maina a opempha oposa miliyoni imodzi ndi theka, ocokera ku mipingo, ku mabungwe a amai, a anchito, a alimi, kwa mafumu, ndi kwa anthu paokha. Atatha kulemba, bwalo lalikuru la oweruza linawabwezera cikalataco kuti akonze mfundo zina, ndipo anakonza. Pa 10 December 1996 Mandela anasaina malamulowo ku Sharpeville. M'mau ace oyamba muli mfundo ija ya ku Kliptown yakuti dzikolo ndi la onse okhalamo. Zina zimene anthu anapempha pa timapepala tija, makamaka za minda ndi za cuma, sizinakwaniridwe msanga, ndipo osauka a kumeneko anapitiriza kuzifunsa.

M'dziko lino namonso nkhani yomweyi yakhala ikubwera. Akuru otumidwa ndi Boma anayenda m'maboma kufunsa anthu za malamulo akuru, a Chona mu 1972, a Mvunga mu 1990 ndi 1991, a Mwanakatwe kuyambira 1993, ndi a Mung'omba kuyambira 2003, ndipo kawiri kawiri anthu anadandaula kuti zimene ananena sizinalowe zonse m'lamulo. Mu 2001 mipingo, maloya ndi mabungwe a amai anagwirizana m'bungwe la Oasis Forum, nakana kuti malamulo asinthidwe kuti President alamulire kacitatu, ndipo sanasinthidwe.

Moyo wa Matthews usonyeza kuti nchito yotere ifuna anthu a mitima iwiri pamodzi, wa kupirira ndi wa kulimbika. Iye anakhala zaka zisanu ndi zitatu m'bwalo losamvedwa, anyamata namseka. Koma pamene anamuuza kuti agule mtendere wa ukalamba wace ndi kukana anzace, anasiya nyumba, udindo ndi penshoni. Sanafune kuti iye, munthu wa madigiri, alembere anthu malamulo ali yekha m'cipinda ca mabuku, ngakhale akadakhoza kutero, pakuti anadziwa kuti mutu umodzi susenza denga. Kucokera tsiku limene analankhula ku Cradock kufikira tsiku limene malamulo anasainidwa ku Sharpeville panapita zaka 43, ndipo zaka 28 mwa izo iye anali m'manda. Akuru akale sananame pamene anati mau a akuru akoma akagonera.